Mbaula ya Apongozi

"Sindikuwathamangitsa ayi," adatero Rodrick uku akukhuthula madzi ofiira a mafirizesi osungunuka pakhomo la golosale. "Ndikungoti mlendo ndi mame. Nanga mame ake ati ofika nawo masana, dzuwa lili paliwombo?"

"Mame mukunenawo ndi mayi anga," adayankha mkazi wake Felista. "Ndipo tsitsani mawu, ali kuseri kwa khomaku."

"Si paja amati makutu adagontha?"

"Amagontha mukamadzitama za malonda anu. Mukamanena iwo amamva ndi kunong'ona komwe."

Magetsi adali atathimanso. Osati a pamsika ponse pa Mkanda ayi, chifukwa kwa ometa wailesi inkasokosera ndipo chigayo chinkagunda monga mwa masiku onse. Ankathima m'nyumba mwa Rodrick mokha, nyumba ija ya golosale kumaso, zipinda zogona kumbuyo. Kaswichi ka pabokosi la magetsi la pakhoma kankangogwa kokha masanasana, filiji n'kukhala chete, ndipo pofika poti wina azindikire, mafirizesi asanduka madzi, nyama yayamba kuitana ntchentche.

A Kwacha, achemwali ake a Rodrick, omwe ankagulitsa m'golosalemo mlongo wawo akapita kukaoda katundu ku Chipata, adali atatsamira pakauntala kudikira mpata. Mayi ameneyu maso ake adali akuthwa, koma lilime lidaposa.

"Alamu, ine sindinena munthu," adatero, ndipo awa adali mawu omwe ankayamba nawo nthawi zonse akafuna kunena munthu. "Koma ndaona ndi maso angawa. Agogo a Princess akangokhala pambaula paja, milomo imayamba kugwedera, mawu osamveka. Sipatenga nthawi, magetsi thi. Dzulo choncho, dzana choncho. Utsi sufuka popanda moto."

"Amachita kolona, alamu. Nyemba amaphika ndi mapemphero chiyambire ine ndili mwana."

"Mapemphero ozimitsa filiji? Ifenso timapemphera, koma kwathu sikuthima kanthu."

A Filomena, mayi ake a Felista, adabwera kuchokera ku Mlonyeni nyengo yokumba mtedza chifuwa chitawavuta, ndipo achipatala adawaletsa utsi. Rodrick, kunena chilungamo, sadali munthu woipa mtima, kungoti ankadziwa zonse. Adagoba njerwa mizeremizere, n'kugula koyilo, waya wopotanapotana uja wofiira akayaka, n'kuwapangira apongozi mbaula ya magetsi. Adaitana anthu a pamsika ponse kuti adzaone. Felista ankaphika pamakala m'mawa ndi madzulo, motero mbaulayo idali ya apongozi okha, masana, iye ali kusukulu.

Inde, kusukulu. Ngakhale mwana wake Princess adali kale Sitandade 3, Felista adabwerera kusukulu ya masana kukakhala pa desiki limodzi ndi ana omwe adawaona akukwawa. Rodrick adalola poti anthu ankamutama kuti ndi mwamuna wamakono, koma akapsa mtima ankamutcha "a Fomu 3".

"Chabwino, a Fomu 3," adatero tsikulo akupukuta manja pathalauza. "Tifotokozereni inuyo. Chifukwa chiyani pamsika ponse kukuthima kwathu kokha, ndipo kukuthima akakhala pambaula iwo okha?"

Funso limeneli lidamupweteka Felista kuposa mawu a mlamu wake. 

Nkhani yotere siyenda pansi, imakwera njinga. Sabata isadathe, amayi a pamjigo ankasuntha ndowa zawo a Filomena akafika. Wogulitsa tomato ankaunjika pansi m'malo mowapatsira m'manja. Ana omwe kale ankawathamangira kukapempha mtedza wokazinga adayamba kuwazungulira patali, ndipo Princess adabwera kuchokera kusukulu akulira kuti anzake akuti agogo ake amadya magetsi. Wina adati adawaona ali pamwamba pa polo, ngakhale a Filomena ankavutika ndi kukwera khonde lomwe. Chowawa n'chakuti anthu onsewa sadali adani. Adali anthu abwinobwino, opemphera, obwereka mchere, koma aliyense ankaona kuti kusuntha ndowa sikupha munthu.

Kenako a Kwacha adabwera ndi mapeto ake. Adati apangana ndi sing'anga wina wa kutsidya kwa malire, wodziwa kusesa nyumba, ndipo afika Loweruka masana. Rodrick adangoti iye alibe mawu, ngati apongozi alibe kanthu ndiye akuopa chiyani.

Felista ankadziwa kusesa kwake. Nkhalamba amaikhazika pakati pa anthu, n'kuitema mphini pamphumi, n'kuimwetsa zowawa mpaka ivomere zomwe sidziwa, ndipo sing'anga woti wayenda ulendo wonsewo sabwerera osapeza mfiti. Dzina limenelo likakumata silichoka ndi sopo.

Adawapeza mayi ake kuseri akusankha nyemba m'lichero, kachikwama kawo katamangidwa kale pambali.

"Amayi, chikwamachi n'cha chiyani?"

"Ndikupita kwathu, mwana wanga. Chifuwa chingondipha, kusiyana n'kukupasulira banja."

"Mukachoka lero ndiye kuti mwavomera. Ndipo dzinalo likafika ku Mlonyeni inu musadatsike njinga."

A Filomena adaseka mpaka kutsokomola. Adati akadakhala ndi ufiti akadayamba kukonza mawondo awo, kenako mano, filiji ya mkamwini ikadabwera kumapeto kwenikweni. Adadandaulanso kuti mbaula yakeyo siikuwakomera n'komwe. Poyamba inkaphika modekha, koma masiku ano yalusa, nyemba zimapserera pansi pamwamba zili zaziwisi, ndipo poto wawo wabooka.

"Mudawauza bambo a Princess?"

"Ine kulankhula ndi mkamwini maso ndi maso? Ndidaleredwa, iwe. Akamabwera uku ine ndimadzera uko. Ndiye ndiyambe lero kumuuza kuti mphatso yake ili ndi chilema?"

Felista adawalanda kachikwamako n'kukabisa pansi pa bedi. Adawauza kuti mako ndi mako, sangawasiye apite ngati wakuba, koma mumtima sankadziwa chomwe achite.

Kusukulu tsiku limenelo thupi lokha ndilo lidapita. A Stefano, mphunzitsi wa sayansi, ankalemba pabolodi zinthu zomwe adakhala akuzibwereza kwa masabata. Adati magetsi ali ndi mphamvu yokankha, imene imayezedwa m'mavoliti, ndipo kuchuluka kwa magetsi oyenda m'waya kumayezedwa m'maampu. Ukagawa mavoliti ndi maampu umapeza kukaniza kwa waya, m'maomu. Ukachulukitsa mavoliti ndi maampu umapeza mphamvu yomwe chinthucho chikudya, m'mawati. Felista adali ataziloweza kale zimenezi ngati katekisimu, osaganizako kuti zili ndi ntchito kunja kwa mayeso. Koma a Stefano adaonjeza mawu ena mongodutsa. Adati kaswichi ka pabokosi la m'nyumba ndi mlonda, ndipo kali ndi nambala yake. Maampu a zinthu zonse zoyaka akaposa nambalayo, kamagwa dala kuti nyumba isapse.

Felista adakweza dzanja msangamsanga mpaka ana adaseka. Adafunsa ngati kaswichiko kangagwe chifukwa cha munthu wokhala pafupi.

"Kamagwa chifukwa cha maampu, mayi," adayankha a Stefano. "Kalibe maso, sikadziwa munthu. Yezani, mugawe, mudzaona nokha."

Choyezera chake pa Mkanda chidali ndi munthu mmodzi, a Dauda, okonza mawailesi, omwenso ankagulitsa mawaya ndi mababu. Adali ndi mita ya kamwa ngati nkhanu, yomwe ikaluma waya imanena maampu oyenda m'katimo. Felista adawapeza ataweramira wailesi yong'ambika pamimba, ndipo atamva nkhaniyo adakana.

"Mayi a Princess, ine ndimayeza waya, sindiyeza mabanja. A Kwacha aja akandiyamba, ndisamuka pamsika pano."

"Ndiye mudzayeze waya yekhayo. Koyilo ija mudagulitsa ndinu. Anthu akamva kuti makoyilo a kwa a Dauda amalowa ziwanda, agula ndani?"

A Dauda adakanda ndevu n'kunena kuti mkazi wa sukulu ndi woopsa. Adalonjeza kubwera Loweruka m'mawa, ndi mita yawo komanso mbaula yawo ya koyilo yatsopano ya mtundu womwewo, kuti pakhale pofanizira.

Loweruka anthu adalawirira. Adamva za sing'anga, ndipo pa Mkanda zaulere zoonera siziphonyedwa. Ena adabwera ngati odzagula machesi, ena ngati ongodutsa, koma onse adathera kuseri kwa golosale. A Filomena adakhala pamkeka pansi pa mtengo wa mango, patali ndithu, atafunda chitenje chawo cha kutchalitchi. Felista sadali ndi chitsimikizo kuti manambalawo amukomera, ndipo ankaopa kuti akasokoneza pogawa pamaso pa khamu lonseli ndiye wawakankhira yekha mayi ake m'dzenje.

"Bambo a Princess," adatero, "mlendo wanu afika masana. M'mawa uno ndipatseni ine. Mukakana, anthuwa aziti mukuopa mita."

Rodrick sankaopa chilichonse pamaso pa anthu. Adati ayeze mpaka atope. A Kwacha adati mfiti siyezedwa ndi batire, koma adasendera pafupi kuti aone bwino.

Felista adayamba wawalozera anthu bokosi la pakhoma. Pakaswichi kaja padalembedwa 10, ndipo adafotokoza kuti kamalola maampu khumi basi, akapitirira kamagwa. A Dauda adayeza pasoketi n'kupeza mavoliti 240. Adayeza filiji ndi wailesi ya kanema ya m'golosale pamodzi, zidakwana maampu atatu. Kenako adalumikiza mbaula yawo yatsopano ija, mita n'kuluma waya.

"Folo," adatero a Dauda.

Felista adatola khala n'kugwada pasimenti ya khonde. Adalemba 240, n'kugawa ndi 4. Poyamba adapeza 6, kenako adakumbukira ziro yemwe adamuiwala. Adanena mokweza kuti waya wa a Dauda akukaniza ndi maomu 60, ndipo atachulukitsa 240 ndi 4 adati akudya mawati 960. Maampu anayi kuphatikiza atatu a filiji ndi kanema ndi asanu ndi awiri, sadafike pa khumi. Anthu adayang'ana kaswichi kaja, ndipo kadangokhala phee.

"Tsopano ya amayi," adatero Felista. "Mulumikize ndinu, bambo a Princess, ndi manja anu. Iwo ali uko, sakhudza kanthu."

Rodrick adalumikiza. Koyilo idafiira msanga mpaka kuyera, anthu oyandikira n'kubwerera m'mbuyo chifukwa cha kutentha. A Dauda adayang'ana mita, n'kuigwedeza, n'kuyang'ananso.

"Eyiti."

Felista adagwadanso. Adati 240 kugawa ndi 8 ndi 30, ndipo 240 kuchulukitsa ndi 8 ndi 1,920. Adaimirira mawondo ali akuda ndi makala, mantha aja atayamba kusanduka mkwiyo wokoma.

"Maampu asanu ndi atatu kuphatikiza atatu aja ndi khumi ndi limodzi. Kaswichi kathu kamalola khumi. Dikirani pang'ono, filiji ikangoyamba kulira, kagwa."

Adadikira. Mwana wina adalira, mayi ake n'kumutseka pakamwa ndi bere. Filiji idatsokomola m'golosale, n'kuyamba kung'ung'udza, ndipo pasadapite nthawi kaswichi kadagwa. Anthu adang'ung'udza nawo. Onse adatembenukira kumtengo wa mango, koma a Filomena adali akusinza, kukamwa kuli yasa, kolona ili m'thumba.

"Mwaona?" adatero a Kwacha. "Mwana walosera, zachitika. Ndiye kuti n'zakumtundu."

Ena adaseka, koma ena adagwedeza mitu movomereza, ndipo Felista adaona kuti ntchito sidathe. Adayang'ananso manambala ake pasimenti paja, 60 uku, 30 uku, ndipo mpamene chinthu chidamutsegukira m'mutu.

"A Dauda, makoyilo awiriwa ndi amodzi?"

"Bokosi limodzi, tsiku limodzi."

"Ndiye pali chovuta. Waya wamtundu umodzi akatalika amakaniza kwambiri, akafupika amakaniza pang'ono. Wanu ali ndi maomu 60, wa amayi ali ndi 30. Ndiye kuti waya wa amayiyu ndi theka. Theka linalo lili kuti?"

"Lili m'katoni m'sitolo," adayankha Rodrick mosachedwa, chifuwa chili patsogolo. "Ndidadula ndine."

Rodrick adaona ngati anthu akudikira kuti awaphunzitse, ndipo adawaphunzitsadi. Adati bilu yoyamba itabwera adakhala pansi n'kuganiza. Ng'ombe yaikulu imadya msipu wambiri, mwana wa ng'ombe amadya pang'ono. Waya wamtali ndiye kuti amadya magetsi ambiri. Adadula pakati ndi pulayala, n'kukoka theka lotsalalo kuti lidzaze mizere yonse ya njerwa, apongozi asaone ngati awamana. Adamaliza ndi kunena kuti nzeru zoterezi kusukulu saphunzitsa.

"Zoonadi saphunzitsa," adatero a Dauda chapansipansi, akusuzumira koyiloyo. "Ndimadabwa kuti mano ake atalikirana bwanji ngati a nkhalamba."

"Mudadula liti?" adafunsa Felista.

Rodrick adati sabata ya makuponi a feteleza. Mayi wina wa pamjigo adakumbutsa anthu, asadafunsidwe, kuti mafirizesi a pagolosalepo adayamba kukhala amadzimadzi sabata yomweyo, chifukwa iye adaima pamzere wa makuponi ndi ludzu.

"Koma waya wamfupi angadye bwanji zambiri?" adaumirira Rodrick, mawu atayamba kuchepa.

"Bambo a Princess, inu mumayenda ku Chipata. Msewu waukulu uli ndi zipata zambiri, ofufuza paliponse. Amadutsa anjinga angati ndi katundu?"

"Ochepa. Amatopa n'kuimitsidwa."

"Nanga njira yachidule ya m'munda mwa fodya ija, yopanda woimitsa?"

"Imeneyo ndiye amangokhamukira onse."

"Waya uja ndi zipata. Inu mudachotsa theka la zipata, magetsi n'kumakhamukira kawiri. Mumafuna kupulumutsa, koma mbaulayi yakhala ikudya mawati 1,920 m'malo mwa 960. Poto wa amayi adabooka, kaswichi kakhala kakugwa kuti nyumba yathuyi isapse ndi ife tomwe. Mfiti mukuifunayo ndi pulayala yanu."

Kuseka kudayambira kumbuyo, kwa anyamata ometa, n'kufalikira ngati moto wa lupsa. Mkulu wina adati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Wina adafunsa ngati sing'anga uja adzateme mphini pulayala kapena mwini wake. Rodrick adayang'ana pansi, adayang'ana kumwamba, kenako adalowa m'sitolo n'kutuluka ndi theka lija la koyilo, akuliyang'ana ngati lamunamiza.

A Kwacha sadagonje msanga. Adati aone kaye agogowo ataphika okha. Adakweza kaswichi, n'kuika mbaula ya a Dauda, n'kuwadzutsa a Filomena. Gogoyo adakhala pansi, adatereka nyemba, n'kutulutsa kolona, ndipo ulendo uno adapemphera mokweza kuti aliyense amve zomwe milomo yawo imanena. Filiji idalira, idasiya, idaliranso. Kaswichi sikadagwe. Nyemba sizipsa msanga, ndipo palibe chotopetsa ngati kuonerera ufiti wosachitika, motero anthu adayamba kuchoka mmodzimmodzi. A Kwacha adati iwo chiyambire sadanene munthu, n'kukumbukira mwadzidzidzi kuti adasiya zovala padzuwa.

Sing'anga uja adafika masana pa njinga ya kabaza, ndi chikwama cha zikopa ndi litchowa. Rodrick adakamulandirira kumsewu n'kumuuza mwaulemu kuti matenda apezeka kale. Munthuyo adakwiya pang'ono, adati nyumba imeneyi akuionamo mdima, koma ataona kuti palibe womvetsera adapempha kuti, poti magetsi alipo, amutchajireko foni asadabwerere.

Madzulo ake Rodrick adagwira tambala wamkulu, n'kukanjuta kuseri kwa khoma komwe apongozi sakadamuona, n'kutuma Felista kuti akapepese. Adati iye ndi mwana, walakwa, madzi akatayika saoleka, koma nkhukuyo itsuke m'kamwa mwake. Felista adafikitsa mawuwo uku akubisa kumwetulira, chifukwa adali asadamuonepo mwamuna wake atafupika chotero.

"Uwauze bambo a Princess kuti nkhuku ndalandira, ndipo idyedwa," adatero a Filomena. "Koma dzina langa sadaliipitsire kuseri kwa khoma. Adaliipitsira pamsika. Anthu aona masamu lerowa ndi ochepa, omwe adamva za ufiti ndi Mkanda yense. Mawa ndi Lamulungu, mawondo angawa safika kutchalitchi. Andikweze panjinga yawo, adzere pakati pa msika."

Felista adadzidzimuka, ndipo kuseri kwa khoma tambala adakuwa ngati wafinyidwa. Mkamwini kukweza apongozi ake panjinga chidali chinthu chosamveka. Rodrick adatumiza mawu oti alipira wa kabaza wabwino, wa khushoni yofewa.

"Wa kabaza sadandinene," adayankha gogoyo. "Mwambo ndausunga mpaka watsala pang'ono kundidyetsa mphini. Mawa upume."

M'mawa mwake Rodrick adapukuta njinga, adapopa matayala, n'kumangirira pilo pakaliyala. A Filomena adakwera chammbali, atavala duku latsopano, n'kugwira lamba wa mkamwini wawo ndi dzanja limodzi ngati akhala akutero moyo wawo wonse. Pamsika padali podzaza, motero njinga inkayenda pang'onopang'ono, ndipo Felista ankatsatira pambali atagwira Princess padzanja. Ogulitsa adasiya malonda. Ena adaombera m'manja, ena adagwira pakamwa, ndipo wa tomato uja adathamanga ndi mulu wonse n'kuwaikira gogoyo m'manja mwenimweni. A Filomena ankapereka moni uku ndi uku ngati phungu wongopambana kumene, pamene Rodrick ankangoyang'ana tayala lakutsogolo, thukuta lili kamukamu. Felista adaseka mpaka misozi, ndipo sadadziwe ngati idali ya kuseka kokha.

Atadutsa msika, pomwe msewu umatsetserekera kutchalitchi, phokoso lidatsalira m'mbuyo. Apa mpamene a Filomena adalankhula ndi mkamwini wawo popanda mkhalapakati.

"Bambo, mumapalasa bwino."

"Zikomo, amayi," adayankha Rodrick.

"Kwa Zulu kuli mnzanga, tidabatizidwa limodzi. Chaka chatha mwana wa mchimwene wake adadwala malungo, anthu adati ndi iye. Pano amagona m'chigafa cha fodya, ndi zipsera pamphumi. Iye ana ake onse adalekera Sitandade 4." Adakonza tomato m'chitenje. "Ndiye ndimati ndikufunseni, bambo. Mwana wangayu akadalephera kugawa dzulo lija, ine lero ndikadakhala ndani?"

Rodrick adatsika panjinga, ngakhale padalibe chitunda, ndipo mtunda wonse wotsalawo adawakankha apongozi ake akuyenda pansi.